Ng'oma Zinalira, Gule Sanatuluke: Mkangano wa Mapeto a House of the Dragon

Pa 4 Ogasiti 2024, nthawi ili 9 koloko usiku ku New York, kuno kwathu inali kale 3 koloko m'bandakucha wa Lolemba. Ndi ola limene kanema wa HBO anaulutsa gawo lomaliza la sizoni yachiwiri ya House of the Dragon, ndipo okonda seweroli m'mayiko ambiri anagona tulo ta kalulu, kuopa kuti anzawo a pa WhatsApp angawaululire mapeto kusanache. Anakhala pansi kudikira nkhondo. Zimene anaona m'mphindi zotsiriza ndi asilikali akuguba, zombo zikunyamuka padoko, amuna akumanga zovala zachitsulo, nyimbo ikukwera pang'onopang'ono, kenaka mayina a ochita sewero n'kuyamba kuyenda pa sikirini. Bwalo linasesedwa, ng'oma zinalira, anthu anadzaza, koma gule sanatuluke.

Kwa amene sanalitsatire, seweroli linachokera m'buku la George R.R. Martin lotchedwa Fire & Blood, la mu 2018. Ndi nkhani ya kulimbirana ufumu m'banja la a Targaryen, zaka pafupifupi 200 zochitika za mu Game of Thrones zisanayambe. Mfumu Viserys inasankha mwana wake wamkazi, Rhaenyra, kuti adzalowe m'malo mwake. Itangotsikira kulichete, mkazi wake wachiwiri, Alicent Hightower, pamodzi ndi a kwawo anaveka chisoti mwana wake wamwamuna, Aegon. Milandu ya ufumu yotere si yachilendo kwa aliyense. Chachilendo n'choti mbali zonse ziwiri zili ndi zinjoka zouluka, zolavula moto.

Chiyembekezo cha owonera sichinamere chokha ngati bowa, chinachita kubzalidwa. Sizoni yoyamba inatha pa 23 Okutobala 2022 ndi imfa ya Lucerys, mwana wa Rhaenyra, amene anadyedwa mumlengalenga ndi Vhagar, chinjoka cha Aemond, mng'ono wa Aegon. Chithunzi chomaliza chinali nkhope ya Emma D'Arcy, amene amasewera ngati Rhaenyra, atatembenuka maso ali psuu. Aliyense anamva uthengawo: nkhondo yayamba. Anthu anadikira chaka ndi miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Mu Malichi 2024 HBO inatulutsa timakanema tiwiri tokopa anthu, kena ka gulu la Akuda (la Rhaenyra), kena ka gulu la Obiriwira (la Aegon), n'kuuza aliyense kuti asankhe mbali. Sizoni itayamba pa 16 Juni, gawo lachinayi linabweretsa nkhondo ya ku Rook's Rest, kumene Rhaenys wa mbali ya Rhaenyra ndi chinjoka chake Meleys anafera, Aegon n'kupsa kwambiri ndi moto wa mng'ono wake yemwe. Gawo lachisanu ndi chiwiri linatha Rhaenyra atapeza okwera zinjoka atsopano. Amene anawerenga buku ankadziwa kuti chotsatira ndi nkhondo yapanyanja ya ku Gullet ndi kugwa kwa likulu la ufumuwo, mzinda wa King's Landing, ndipo ankauza anzawo kuti amange malamba. Njala inafika poti zidutswa za gawo lomaliza zitabedwa n'kuikidwa pa TikTok masiku ochepa lisanaulutsidwe, ena anaziwonera momwemo, zosaoneka bwino choncho.

Tsono m'malo mwa nkhondo, gawoli linapatsa anthu zokambirana. Tyland Lannister wa mbali ya Aegon analimbana m'matope ndi mkulu wa zombo za adani a Rhaenyra pofuna mgwirizano. Daemon, mwamuna wa Rhaenyra, atakhala magawo asanu ndi limodzi akulota maloto m'mabwinja a Harrenhal, anaona masomphenya a zam'tsogolo n'kugwadira mkazi wake. Alicent anazemba usiku kupita ku Dragonstone kukauza Rhaenyra kuti adzam'tsegulira zipata za mzinda, ndipo atafunsidwa mutu wa mwana wake Aegon, anavomera. Pomwe awiriwa ankapangana, Aegon anali akuthawa kale m'ngolo pamodzi ndi nduna yake Larys Strong. Basi. Dandaulo limene linamveka kwambiri mawa lake linali lakuti ili silinali gawo lomaliza, koma kalambulabwalo wa sizoni yachitatu wotalika kupitirira ola.

Amene amaikira kumbuyo olemba seweroli ali ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Fire & Blood si nthano wamba. Martin analilemba ngati mbiri yosonkhanitsidwa ndi katswiri wa zakale, amene akudalira mboni zotsutsana: wansembe, mlangizi wa mfumu, ndi wanthabwala wa kunyumba yachifumu wotchedwa Mushroom, wokonda miseche. Buku lotero limanena kuti wakuti anapha wakuti, koma sililowa mumtima mwa munthu. Sewero la pa kanema silingayende choncho. Ryan Condal, mkulu wa olemba seweroli, ndi anzake anayenera kumanga anthu enieni pa mafupa ouma, ndipo anasankha kuti msana wa nkhaniyo ukhale ubwenzi wa Rhaenyra ndi Alicent, umene m'buku mulibe. Ukaliona ndi diso limenelo, kukumana kwa amayi awiriwa ndiye pachimake pa sizoni yonse. Mayi kuvomera kuti mwana wobala yekha aphedwe kuti apulumutse mwana wamkazi ndi mdzukulu si kanthu kakang'ono, ndipo Olivia Cooke, amene amasewera ngati Alicent, anasewera malo amenewo mogwira mtima kuposa mmene moto wa chinjoka chilichonse ukanachitira. Ndivomereze kuti ineyo malo amenewa ndinawawonera kawiri.

Palinso nkhani ya ndalama. Malipoti a nthawi ya sizoni yoyamba ankati gawo limodzi linkadya ndalama zoyandikira madola 20 miliyoni. Nkhondo ya zombo ndi zinjoka pamadzi ndi imodzi mwa zinthu zodula kwambiri kujambula. Condal mwini anafotokoza pambuyo pake kuti nkhondo ya ku Gullet inkafunika nthawi ndi chuma chokwanira kuti ioneke mmene iyenera kuonekera, n'chifukwa chake inasunthidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, atero oikira kumbuyo. Ndipo amawonjezera funso lopweteka: kodi si inu nomwe amene mu 2019 munkalira kuti Game of Thrones yathamangitsidwa?

Funso limeneli ndi loyenera kuliyankha bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Pa 19 Meyi 2019, anthu 19.3 miliyoni ku America anawonera mapeto a Game of Thrones usiku umodzi. Sizoni yomalizayo inali ndi magawo asanu ndi limodzi okha, ndipo m'magawo ochepawo adani amene anaopsezedwa nawo anthu kwa zaka zisanu ndi zitatu anathedwa usiku umodzi, mfumukazi Daenerys n'kusanduka wowotcha mzinda ngati wadzidzimutsidwa kutulo. Anthu oposa miliyoni anasaina chikalata chopempha kuti sizoniyo ijambulidwenso. Patapita zaka zisanu, anthu omwewo ankati nkhani ikuyenda ngati bilimankhwe. Poyamba ukhoza kunena kuti owonera ndi ana osakhuta: ukawapatsa phala lotentha alira, ukawapatsa lozizira alira.

Ine sindikuona choncho. Madandaulo awiriwa ndi amodzi, angovala malaya osiyana. Mu 2019 nkhani inafinyidwa kuti ilowe m'magawo asanu ndi limodzi. Mu 2024 nkhani inadulidwa kuti ithere pa gawo lachisanu ndi chitatu, pomwe sizoni yoyamba inali ndi magawo khumi. Konseko muyeso sunachokere m'nkhani, unachokera kunja kwake. HBO inanena mu 2023 kuti kuchepetsa magawo kunachitika chifukwa cha mmene nkhani ikuyendera, koma Sara Hess, amene analemba gawo lomalizali, anauza atolankhani kuti sikunali kwenikweni kusankha kwa alembi. Onjezani kuti kuyambira Meyi mpaka Seputembala 2023 alembi a ku Hollywood anali pa sitiraka. Kujambula kunapitirira ku Britain popeza zolemba zinali zitatha kale, koma mpata wokonzanso nkhani kuti mapeto atsopano amveke ngati mapeto unali wochepa. Owonera sangadziwe zonsezi, koma khutu lawo limamva. Ngakhale mwana wa pabwalo la nthano amadziwa kusiyana kwa agogo amene aimitsa nthano dala pamalo okoma, ndi agogo amene asiyira pakati chifukwa nkhuni zatha.

Ndiye pali kudikira. Game of Thrones kwa zaka zambiri inkabwera chaka ndi chaka, magawo khumi khumi. Ukasiyidwa m'malere mu Juni, unkadziwa kuti Epulo akubwera. Masiku ano masewero akuluakulu amatenga zaka ziwiri pakati pa sizoni ndi inzake. Mapeto olendewera amene akanapiririka pa miyezi khumi amasanduka chipongwe pa miyezi makumi awiri ndi inayi. Munthu amene walipira DStv kapena kugula bandulo sabata ndi sabata kwa miyezi iwiri ali ndi ufulu wofunsa kuti wagula chiyani. Apa ndili mbali ya odandaula ndi mtima wonse.

Kumene ndisiyana nawo ndi pa mankhwala amene ambiri ankafuna. Ankati pakanakhala nkhondo imodzi yaikulu zonse zikanakhala bwino. Sindikukhulupirira. Nkhondo ya ku Gullet ikanaponyedwa m'mphindi makumi awiri zomaliza, mothamanga ndi mumdima wobisa kuchepa kwa ndalama, anthu omwewo akanakumbuka 2019 n'kukwiya kuposa apa. Vuto la sizoniyi silinayambire pa gawo lomaliza. Linali pakati, pamene Daemon ankangozungulira m'maloto ku Harrenhal sabata ndi sabata, ndiponso pamene Rhaenyra ankabwereza mkangano womwewo ndi nduna zake pa tebulo lomwelo. Nthawi imene inatayika pamenepo ndi imene inasowa kumapeto. Ndiponso kukumana kwa amayi awiri aja, kokoma choncho, kunali kwachiwiri. Pa gawo lachitatu Rhaenyra anali atazemba kale kulowa mu King's Landing atavala ngati sisitere kuti akaonane ndi Alicent. Mfumukazi imodzi kudutsa malire a nkhondo mwachinsinsi, titha kumeza. Ziwiri, m'sizoni imodzi, mmero umakana.

Owerenga buku ali ndi dandaulo lawolawo, ndipo mosayembekezeka anapeza wowaikira kumbuyo wamkulu. Kumayambiriro kwa Seputembala 2024, Martin mwini analemba poyera kudzudzula kuchotsedwa kwa Maelor, mwana wachitatu wa Aegon ndi mkazi wake Helaena. M'buku, zigawenga ziwiri zimakakamiza Helaena kusankha mwana wamwamuna woti aphedwe. Iye amaloza Maelor wamng'ono, izo n'kupha wamkulu, ndipo mayiyo amatsala ndi mwana amene akudziwa kuti anam'pereka. M'sewero Maelor kulibe. Martin ankati kusintha kakang'ono kotere kumabala zotsatira zazikulu kutsogolo. Patangopita maola ochepa zolembazo zinafufutidwa, koma anthu anali atazikopera kale. Pa mfundo ya Maelor ndikuona kuti mkuluyu ananena zoona. Komabe pali kanthu koseketsa kumva chidzudzulo cha kasamalidwe ka nkhani kuchokera kwa munthu amene owerenga ake akhala akudikira buku lake la The Winds of Winter kuyambira 2011.

Chimene makampani a kanema amawerenga si mkwiyo koma manambala. HBO inalengeza kuti anthu 8.9 miliyoni anawonera gawo lomalizali usiku woyamba, kuposa 7.8 miliyoni amene anawonera gawo loyamba la sizoniyo, ngakhale kuti sanafike pa 9.3 miliyoni a mapeto a sizoni yoyamba. Kwa amene amasunga thumba, zimenezi zikutanthauza kuti kudula magawo awiri sikunawaluze kanthu. Condal analengeza kuti seweroli lidzatha ndi sizoni yachinayi. Pa zomwe zili m'buku, m'masizoni awiri otsalawo munayenera kulowa nkhondo ya ku Gullet, kugwa kwa King's Landing, nkhondo ziwiri za ku Tumbleton, kulimbana kwa Daemon ndi Aemond pamwamba pa nyanja ya Gods Eye, kuukira kwa anthu wamba pa khola la zinjoka, ndi mathero a Rhaenyra mwini. Nkhondo imene sinajambulidwe mu sizoni yachiwiri sinakhululukidwe ayi, inangolembedwa m'buku la ngongole la sizoni yachitatu, imene inali kale ndi katundu wake.