Tisanaloze chala kampani, tione kaye pamene taika rauta

Kuyambira pa boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, mabanja ndi eni malo ogona alendo ambiri tsopano ali ndi rauta kapena ka MiFi ka Airtel kapena TNM, ndipo opeza bwino anagula Starlink itafika m'dziko muno mu 2023. Intaneti ikangoyamba kukoka, tonse timathamangira kudzudzula kampani. Ine ndikuti timafulumira kuweruza. Intaneti imayenda maulendo awiri isanafike pa foni: kuchoka pa nsanja ya kampani kufika pa rauta, kenako kuchoka pa rauta kufika pa foni kudzera pa Wi-Fi. Ulendo wachiwiriwu uli m'manja mwa mwini nyumba, ndipo kampani singaukonze ngakhale mutaiimbira kakhumi.

Nyumba zathu ndi za njerwa zootcha ndi malata. Mphamvu ya Wi-Fi imachepa pa khoma lililonse limene yadutsa, ndipo chitsulo chimaitchinga. Koma poopa akuba ndi ana, rauta timaitsekera m'kabati ya kuchipinda kapena kuibisa kuseri kwa TV. Onjezerani kutentha kwa kunyanja mu Okutobala ndi Novembala: rauta yosowa mpweya imatenthedwa, n'kuyamba kuchedwa kapena kuzima yokha. Malo ake ndi pamwamba, popita mphepo, pafupi ndi windo loyang'ana kumene kuli nsanja koma posaomba dzuwa. Ngati rauta ili ndi njira ziwiri, ya 5 GHz imathamanga mukakhala pafupi, pamene ya 2.4 GHz ndi imene imafika m'zipinda zakutali ndi pakhonde.

Magetsi nawo ali ndi mlandu wake. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tinaona kuti magetsi akathima, rauta imasanduka chokongoletsera nyumba. Akamabwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira n'kuotcha adaputala, mwini wake n'kumaganiza kuti rauta yafa. Komatu rauta sidya magetsi ambiri, moti batire ya sola imaiyendetsa maola angapo. Pali ndi nkhani ya pasiwedi. Kuno kumana mnansi ndi manyazi, choncho pasiwedi imayenda kuchoka kwa mlamu kufika kwa anzake a mwana, mafoni khumi n'kumaonera mavidiyo pa bandulo imodzi. Ikatha masiku asanakwane timati atibera, chonsecho mankhwala ake ndi kusintha pasiwedi.

Ena anena kuti mawu amenewa akutchinjiriza makampani omwe amatilipiritsa ndalama zambiri. Dandaulo lawo ndi lomveka. Mapiri a ku Namwera ndi ku Cape Maclear amatchinga netiweki, nsanja imalemedwa alendo akadzaza kunyanja pa Khirisimasi ndi Pasaka, ndipo izi mwini nyumba sangazikonze. Koma amene wayamba wafufuza za m'nyumba mwake ndi amene dandaulo lake limalemera. Zimitsani rauta n'kuiyatsanso, imani nayo pafupi, onani ngati bandulo ilipo, kenako ikani simu ya m'rauta mu foni n'kutuluka panja. Zikakanikabe, vuto ndi la kampani. Lembani tsiku, nthawi ndi malo, kadandauleni ku kampaniyo, ndipo ikapanda kukuthandizani pitani ku MACRA, bungwe limene lamulo linalipatsa udindo woteteza ogwiritsa ntchito mafoni ndi intaneti.

Ogulitsa marauta asamangolandira ndalama n'kupereka katoni yokhala ndi malangizo a m'Chingerezi. Afotokozere wogula m'Chichewa kapena m'Chiyao za malo oika rauta, kasinthidwe ka pasiwedi ndi katetezedwe ka adaputala, ndipo amuuze zoona ngati dera lake netiweki sifika bwino asanalipire.