Akatswiri a za maganizo: nchito ilipo ku Katete, koma maphunziro ali kutali

KATETE: Wodwala akacoka pa cipatala ca St. Francis atanyamula mankhwala a BP kapena a shuga, nchito ya dotolo imaoneka ngati yatha. Koma funso lalikulu limatsala: kodi akafika kumudzi adzamwa mankhwalawo tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene thupi layamba kupezako bwino? Kodi adzacepetsa mcere, fodya ndi kacasu?

Mafunso otere ndiwo nchito ya akatswiri a health psychology, amene amaphunzira mmene maganizo, mantha ndi zizolowezi za munthu zimathandizira kapena kulepheretsa kucira kwake. Iwo salemba mankhwala, ndipo nchito yao si ya odwala misala okha monga ambiri amaganizira.

M'dziko la Zambia kufunika kwa nchitoyi kunaonekera poyera ndi mliri wa AIDS. Bungwe la Kara Counselling linayamba kupereka uphungu mu Lusaka mu 1989. Pamene boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere mu 2005, zinadziwika msanga kuti mankhwala paokha sakwanira. Munthu wobisira mkazi wake kapena mwamuna wake kuti ali ndi kalombo amabisanso botolo, ndipo wobisa botolo amadumphitsa masiku.

Nanga wacinyamata wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi amene watsiriza giredi 12 ndipo afuna nchitoyi adzere kuti? Njira yodziwika ndiyo ya ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 kucokera ku Katete. Pa sukulu la University of Zambia digiri yoyamba ya psychology imatenga zaka zinai. Wofuna kuona odwala monga katswiri ayenera kuonjezera maphunziro apamwamba ndi kulembetsa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia. Kwa banja lodalira cimanga, nshawa ndi thonje, maka pambuyo pa cilala ca 2024, zaka zonsezo ndi ndalama zambiri.

Ndipo womaliza maphunzirowo kawirikawiri sabwerera kwao. Akatswiri ocepa amene dziko lili nao ambiri ali mu Lusaka, kumene kuli cipatala ca Chainama ndi mabungwe amene amalipira bwino. Sangaimbidwe mlandu, pakuti munthu amapita kumene kuli malo a nchito.

Lamulo la Mental Health Act la 2019 linalowa m'malo mwa lamulo lakale la m'nthawi ya atsamunda, ndipo linatsindika za ufulu wa odwala ndi thandizo loperekedwa pafupi ndi kwao. Mu 2022 boma linalemba anchito a za umoyo oposa 11,000. Zonsezi ndi zabwino, koma lamulo silikhala pansi ndi wodwala. M'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, amene amakhala naye ndi anamwino ndi opereka uphungu ophunzitsidwa kwa nthawi yocepa. Ambiri mwa opereka uphunguwa akhala akulipidwa ndi ndalama zocokera kunja, ndipo pamene dziko la America linaimitsa thandizo lake kumayambiriro kwa 2025, zinaoneka kuti nchito yofunika cotere inamangidwa pa thumba la mwini.

Cosangalatsa n'cakuti anthu wamba ophunzitsidwa bwino amaikwanitsa nchitoyi. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, m'mene agogo aakazi amakhala pa benci kunja kwa kiliniki ndi kumvetsera ovutika maganizo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti othandizidwa motero anapezako bwino kuposa anzao. Cinsinsi cina cinali cilankhulo: agogowo amachula vutolo ndi liu la Cishona lakuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, ndipo wodwala amadzizindikira m'liulo.

Apa m'pamene mwana wa kuno ali ndi mwai woposa mlendo. Amamva cimene mai akutanthauza akanena kuti mtima wacita cinthu, amadziwa mphamvu ya ankhoswe, anamkungwi ndi anyakwawa, ndiponso amadziwa kuti odwala ambiri amafika ku cipatala atadzera kaye kwa sing'anga kapena ku mapemphero. Komabe opereka uphungu amafunika katswiri woayang'anira, wowaphunzitsa ndi wolandira odwala amene awakanika. Unduna wa za umoyo ukapanda kuika malo a nchito otere m'zipatala za m'maboma, ndi malipiro ocokera ku boma, mwana wa ku Vubwi amene waphunzira psychology adzapitiriza kufunafuna nchito mu Lusaka.