Kalata yotseguka kwa Bwana DC wa Dowa: wolemba dzina limodzi sanabe chisankho

Wolemekezeka Bwana,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Mtengowanthenga, pamsewu wa M1 pakati pa Lumbadzi ndi Mponela. Nkhani yanga ndi ya zisankho zimene MEC siyendetsa: za komiti ya sukulu, ya mjigo, ya VDC ndi ya kopaletivu ya alimi. Chiyambireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, makomiti amenewa ndiwo amasunga simenti ndi malata a chitukuko, ndipo mawu awo amamveka polemba mayina a olandira thandizo. Koma kasankhidwe kake kamatengera amene wabwera kudzayendetsa msonkhano. Uyu akuti kwezani manja, uyu akuti imani kumbuyo kwa munthu wanu, winanso akugawa timapepala.

Phokoso lalikulu limabuka pa timapepalapo. Mipando ikakhala isanu, aliyense amauzidwa kuti alembe mayina asanu. Ena amangolemba limodzi, la munthu wawo, n'kupinda pepala. Nthawi yowerenga ikakwana, ena amati voti yotere ndi yowonongeka, ena amati ndi chiwembu cha anthu opangana usiku.

Bwana, pamenepa palibe kuba, ndi masamu chabe. Tiyerekeze kuti pamsonkhano pabwera anthu 120 a m'mudzi waukulu ndi 80 a m'timidzi ta kuphiri. Mudzi waukulu waimika anthu 8, a kuphiri aimika mayi mmodzi. Mavoti a mudzi waukulu ndi 600, ndipo akagawanika mofanana aliyense wa anthu 8 aja apeza 75. A kuphiri akalemba dzina la mayi wawo lokha, iye apeza 80 n'kulowa m'komiti. Koma akakakamizidwa kudzaza mayina ena anayi, apereka mavoti 320 kwa opikisana naye, aliyense afika pa 115, mayi uja n'kugwa. Agwetsedwa ndi manja a anthu ake omwe! Ndiye wolakwa ndani, amene wawerenga bwino kapena amene akumuuza kuti avotere anthu omwe sakuwafuna?

Lamulo lokakamiza kudzaza mayina lilipo ndithu m'mayiko ena. Ku Mauritius, dziko limene tili nalo limodzi mu SADC, madera 20 amasankha aphungu atatuatatu, ndipo wovota amene sanachonge mayina atatu voti yake imatayidwa. Zotsatira zake nzodziwika: mu 1982, mu 1995 komanso mu 2024, mgwirizano umodzi unasesa mipando yonse 60 ya pachilumba chachikulu. A ku Mauritius ali ndi mipando ina yowonjezera ya olephera amene anachita bwino. Komiti ya mjigo ilibe zimenezo. Mudzi waukulu ukasesa, a kuphiri amasiya kusonkha ndalama zokonzera, ndipo mjigo ukawonongeka umakhala choncho.

Za kuima pamzere nazo ndinenepo. Akati mizere isanu yaitali ndiyo yapambana, aliyense ali ndi voti imodzi ndipo timidzi tating'ono timapezako mpando. Koma akayamba udindo ndi udindo, wapampando payekha, mlembi payekha, msungichuma payekha, mzere wa mudzi waukulu umatalika ulendo uliwonse. Anthu ndi omwewo, bwalo ndi lomwelo, komiti yotuluka ndi ina. Oyendetsa msonkhano ena amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake njira amaisankha atawona kale amene abwera. Komanso ndi angati angaime kumbuyo kwa munthu wina, a gulupu akuyang'ana, pomwe mphwawo waima nawo?

Pa 3 February 2020 khoti linamasulira kuti mtsogoleri wa dziko azipeza mavoti opitirira theka, ndipo dziko lonse linaphunzira kuti lamulo lowerengera mavoti likasintha, wopambananso akhoza kusintha. Kumudzi kuno lamulo lotere limasintha pakamwa pa munthu mmodzi, anthu atakhala kale pansi.

Pempho langa nali. Ofesi yanu ilembe tsamba limodzi m'Chichewa, lipite kwa alangizi a zachitukuko, a PEA ndi mafumu, linene kuti mipando ndi ingati, munthu ali ndi mavoti angati, ndipo avota motani. Liwerengedwe m'matchalitchi ndi m'mizikiti sabata imodzi chisankho chisanafike. Linenenso poyera kuti pepala la dzina limodzi ndi voti yabwinobwino. Ine ndikanakonda kuti pa mipando isanu munthu azilemba mayina osapitirira awiri, kuti mbali imodzi isamatenge zonse, koma zimenezo mukambirane ndi makhansala. Chosafunika kudikira ndi ichi: alangizi anu auzidwe kuti asatayenso pepala la munthu chifukwa walemba wake yekha.

Ine wanu,
Mlimi wa ku Mtengowanthenga, Dowa