Liu la "still" liphunzitsidwe kucokera ku -be

Ena adzadabwa kupeza liu la Cingerezi m'buku la kaphunzitsidwe ka Cinyanja. Koma mphunzitsi wa pulaimale ndi mmodzi. Amene aphunzitsa Cinyanja m'mawa ndi yemweyo amene aimanso pamaso pa ana omwewo kuwaphunzitsa Cingerezi belu likalira. Maganizo anga ndi akuti muonjezi wa Cingerezi "still", amene asonyeza kuti cinthu cikupitirira kucitika, sayenera kulandiridwa m'kalasi ngati mlendo. Mwana wa ku Katete kapena ku Petauke amafika pa sukulu atadziwa kale tanthauzo lake, ngakhale liulo sanalimvepo. Alidziwa m'kacidutswa ka -be kamene timaphatikiza kumapeto kwa mneni, ndiponso mu -kali.

Taonani ziganizo ziwiri izi: "Mvula ikugwa" ndi "Mvula ikugwabe." Coyamba cingonena zimene maso aona. Caciwiri cinyamula zinthu zitatu pa nthawi imodzi: mvula inayamba kale, sinaleke, ndipo wolankhulayo anali kuyembekezera kuti pofika tsopano ikhala italeka. Mlimi amene cimanga cake cauma m'munda akati "ikugwabe", mumamva dandaulo m'mau ake. Zitatu zomwezi ndizo zili mu "It is still raining." Cacitatuco, ciyembekezo ca wolankhula, ndico cimatayika mphunzitsi akangolemba pa bolodi kuti "still" atanthauza "kufikira tsopano". Mwana wophunzitsidwa motero adzalemba kuti "The sun still rises in the east" pamene afuna kunena kuti dzuwa limatulukira kum'mawa masiku onse. Mungathe kumcongera ndi inki yofiira kasanu, iye osaona cimene calakwika, popeza dzuwa latulukadi kum'mawa kufikira tsopano. Koma muuzeni kuti walemba kuti "Dzuwa likutulukirabe kum'mawa." Adzaseka yekha, cifukwa adzamva kuti ciganizoco cionetsa ngati panali ena amene anaganiza kuti dzuwa lidzasintha njira. Liu limene anafuna ndi "always". Mwanayo tisamnyoze kwambiri: m'masiku a Shakespeare, amene anamwalira m'caka ca 1616, "still" anali kutanthauzanso "nthawi zonse". Tanthauzo limenelo linazilala, ndipo wolemba mayeso lero sangalidalire.

Pali aphunzitsi amene adzakana zimenezi, ndipo cifukwa cao ndi comveka. Iwo amati mwana akazolowera kumva Cinyanja m'phunziro la Cingerezi adzakhala waulesi, adzayamba kumasulira liu lililonse m'malo moganiza m'Cingerezi. Ganizo limeneli lili ndi mbiri yake m'dziko lathu. Kuyambira m'caka ca 1966 Cingerezi cinali cilankhulo cophunzitsira kucokera mu Giredi 1, ndipo mabuku a Zambia Primary Course anadalira kwambiri kubwereza ziganizo pamodzi mpaka zitakhazikika pakamwa. Cikalata ca Educating Our Future ca 1996 cinatsegula khomo lakuti mwana ayambe kuwerenga m'cilankhulo cimene adziwa. Mu 2014 zilankhulo za m'Zambia zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa mu Giredi 1 mpaka 4, koma ndondomeko ya maphunziro ya 2023 inabwezeranso Cingerezi patsogolo. Malamulo asintha kangapo, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sanasinthe. Kaya timlole kaya timletse, iye amamasulira camumtima. Kusiyana kwake ndi kwakuti tikamletsa amamasulira yekha popanda womuongolera, ndipo zolakwa zake timaziona mocedwa, zitamera kale mizu. Sindikunena kuti phunziro lonse likhale la Cinyanja ai. Mphindi ziwiri zikwanira.

Pamene Cinyanja cithandiza koposa ndi pa ziganizo zokana. Kuno ku Zambia timati "Misozi akali kusinja", ndipo timatinso "Misozi akalibe kubwera", kapena "sanabwere". Mau awiriwa, "akali" ndi "akalibe", ndi apacibale, cotero mwana amaganiza kuti m'Cingerezi namonso liu limodzi lidzagwira nchito zonse ziwiri. Koma Cingerezi cimaitana liu lina, "yet": "She is still pounding", koma "She hasn't come yet." Tsono nkhani ifika pokoma. Ciganizo cakuti "She still hasn't come" ndi colondola naconso, koma sicilingana ndi cinzake cija. "She hasn't come yet" ndi "sanabwere": tingonena cabe, ndipo tiyembekezera kuti abwera. "She still hasn't come" ndi "sanabwerebe": tadikira, tatopa, mwina takwiya. Apa pagona nkhani ya ulemu. Mwana wofunsa aphunzitsi ake kuti "Have you marked our books yet?" wafunsa bwino. Wofunsa kuti "Have you still not marked our books?" wawadzudzula, ngakhale mumtima mwake mulibe mwano. Mwana yemweyo sangayerekeze kuuza akulu kuti "Simunacongebe?" cifukwa kulemera kwa -be akudziwa kucokera kunyumba. Nchito yathu ndi kumuonetsa kuti "still" alemera cimodzimodzi. Tsiku lina adzalemba kalata yofunsa za nchito kapena za malo a sukulu, ndipo liu limodzi limeneli lidzamveketsa kalatayo ngati yaulemu kapena yamwano.

Cinanso cokondweretsa ndi liu lathu lakuti "komabe". Timati, "Njira ndi yaitali, komabe tipita." Cingerezi cimacita zomwezo poika "still" kumayambiriro kwa ciganizo: "It is far. Still, we shall go." Zilankhulo ziwiri zosiyana mtundu zinatenga liu la kupitirira kwa nthawi ndi kuligwiritsa nchito ponena za cinthu cimene sicigonja ngakhale pali copinga. Ana a m'makalasi apamwamba amaigwira msanga mfundo imeneyi akaiona pa bolodi mbali ndi mbali.

Mphunzitsi ayeneranso kudziwa pamene Cinyanja cilekezera kuthandiza, ndi kuwauza ana poyera. Kacidutswa ka -be kamakhala kumapeto, motero ana amakankhira "still" kumapeto kwa ciganizo ciliconse: "My brother lives in Chipata still." Ciganizo cotere cimamveka, koma malo ozolowereka a liuli ndi pakati. Limatsogolera mneni: "My brother still lives in Chipata." Limatsatira "am", "is" ndi "are": "We are still hungry." Pokana limatsogolera "hasn't" kapena "doesn't". Amene amakonda kumapeto ndi "yet". Apa ndipo kubwerezabwereza kwa akale kuja kuli ndi phindu, pakuti malo a liu m'ciganizo samvetsedwa ndi nzeru zokha, amazoloweredwa ndi khutu. Momwemonso "stand still" ndi "sit still" alibe cibale ndi -be. Amenewa atanthauza kuima nji kapena kukhala duu, ndipo ili ndilo tanthauzo lakale kwambiri la liuli. Aphunzitseni tsiku lina, pabwalo la masewera, kuti asasokonezeke ndi muonjezi wa nthawi. Kachulidwe nako kafuna diso. Cinyanja cili ndi mavawelo asanu okha, cotero "still", "steal" ndi "steel" amamveka cimodzimodzi m'khutu la mwana, ndipo mudzapeza "He is steal sick" m'makope ambiri.

Poyamba phunziro simufunika zipangizo zogula. Itanani ana awiri, Dalitso ndi Tisa, muwapatse matsache, onse ayambe kusesa. Uzani Dalitso aleke. Funsani kalasi m'Cinyanja kuti, "Nanga Tisa?" Adzayankha okha kuti "Akali kusesa" kapena "Akusesabe." Pamenepo nenani kuti "Tisa is still sweeping", kenaka "Tisa hasn't finished yet", ndipo Cinyanja cipume kufikira phunziro litatha. Ngati mwatumizidwa ku Lusaka, kumene kalasi imodzi imakhala ndi ana a zilankhulo zambiri, funsaninso ena mmene amanenera kwao. Wolankhula Cibemba adzakupatsani "acili", ndipo anzake adzaona kuti liulo lifanana ndi "akali". Mukatha, lolani Tisa apitirize kusesa kwa kanthawi pamene ena akhala pansi, mufunse mwana mmodzi kuti amfunse m'Cingerezi ngati watsiriza, kamodzi mwaulemu ndi "yet", kamodzi monga munthu wotopa kudikira ndi "still".