Nambala ya pa intaneti si dzina la munthu

Abale, aliyense akatsegula webusaiti pa foni, kompyuta imene isunga webusaitiyo imalemba m'kaundula wake: nthawi, tsamba limene watsegula, ndi nambala yocedwa IP. Dzina la munthu silikhalamo.

Kompyutayo ikhoza kufunsa makina ena ochedwa DNS kuti nambalayi ndi ya kampani iti, koma kufunsako kumadya nthawi. Ndiye cifukwa cake Apache, pulogalamu imene ithandiza mawebusaiti ambiri kuyambira 1995, imabwera kufunsako kuli kotseka. Wofuna maina amawafufuza pambuyo pake ndi kapulogalamu ka logresolve. Zili monga mlonda wa pa depoti ya cimanga amene angolemba nambala ya motoka kuti mzere uziyenda. Ine ndiona kuti n'cabwino. Amene anayesapo kutsegula tsamba la mitengo ya feteleza netiweki ili yofooka kumudzi adziwa kuwawa kwa kudikira mabandulo akutha.

Cimene cindidetsa nkhawa ndi amene adzawerenga kaundulayo mawa. Manambala a IP a mtundu wakale ndi pafupifupi 4.3 biliyoni cabe, ndipo nkhokwe yake yaikulu inatha mu 2011. Motero makampani a mafoni amaika makasitomala ambiri pa nambala imodzi, komanso nambalayo imasintha. Ngakhale afunse DNS, yankho limangochula kampani, osati mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke. Onjezani kuti kwathu foni imodzi agwiritsa nchito bambo, mai, mwana wa sukulu ndi mnansi wobwereka. Nanga ikacoka kocajitsa pa golosale, yadutsa m'manja angati?

Mu April 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo atsopano a Cyber Security ndi Cyber Crimes. Akuba a pa intaneti aliko ndithu, ndipo ayenera kugwidwa. Koma kaundula amene analembedwa mofulumira asakhale umboni womangira munthu mofulumira. Wapolisi atenge nambala, tsiku ndi ola lenileni, apite nazo ku kampani ya foni mwa lamulo, aone ngati SIM imeneyo inalembetsedwa pa NRC ya ndani, ndipo afunsenso amene anali nayo foniyo tsikulo. Zimenezi zingatenge masabata, koma pamenepa palibe mzere wa anthu umene ukudikira pa geti.