Muyeso wa khansa ya m'matumbo uyambe wayesedwa pa ife

Anthu awiri angathe kudwala khansa ya m'matumbo akulu yofanana kukula, kuchitidwa opaleshoni ndi dotolo mmodzi, kulandira mankhwala amodzi, koma patapita zaka zisanu wina n'kukhala akulima kumunda kwake pamene mnzake anaikidwa kale m'manda. Chimasiyanitsa anthu awiriwa n'chiyani? Funsoli lasautsa madotolo kwa zaka zambiri, ndipo mayankho amene akutuluka tsopano ndi ofunika kuti ife a Malawi tiwamve bwino, pakuti ena mwa iwo anasokedwa popanda kutiyesa thupi.

Matendawa si ang'ono. M'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anapezeka nawo pa dziko lonse ndipo oposa 900,000 anamwalira. Ndi omwewa anatenga Morgan Tsvangirai wa ku Zimbabwe, amene anamwalirira ku Johannesburg pa 14 February 2018, ndiponso Chadwick Boseman, katswiri wa mafilimu wa ku America, mu 2020 ali ndi zaka 43 zokha. Kuno kwathu khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi ya Kaposi ndi zimene zimadzaza zipatala, n'chifukwa chake ambiri amayesa ya m'matumbo ndi nthenda ya azungu. Dotolo Denis Burkitt, amene anagwira ntchito nthawi yaitali ku Uganda, anaonadi kuti nthendayi inali yosowa pakati pa anthu akumudzi odya mgaiwa, nyemba ndi masamba. Komatu inu amene munakhalitsa ku London ndi ku Harare, ndi ife a m'tauni okonda soseji ndi kanyenya, sitikudyanso monga agogo athu aja.

Kuyambira mu 1932, pamene Cuthbert Dukes wa pa chipatala cha St Mark's ku London anakonza njira yake, madotolo akhala akuneneratu za tsogolo la wodwala poona chotupa chenichenicho: chalowa bwanji m'khoma la thumbo, chafika ku mwanabele kodi, chafalikira ku chiwindi kapena ayi. Njira imeneyi inakonzedwanso kangapo ndipo ikugwirabe ntchito. Koma imayang'ana mdani yekha osafunsa za asilikali a mwini thupi.

Asilikaliwo ndi maselo a chitetezo cha m'thupi, ndipo amalankhulana. Amatumizirana timadzi tonyamula uthenga totchedwa cytokine, monga mmene mfumu imatumira nyakwawa kukamema anthu. Tina timati bwerani kuno, tina timati menyani, tina timati lekani. Kamodzi kotchedwa interleukin-6 kakachuluka m'magazi kamalamula chiwindi kupanga puloteni yotchedwa CRP, kamafooketsa chilakolako cha chakudya, ndipo kamathandizanso maselo a khansa kukula ndi kukana kufa. Kena, interleukin-8, kamaitana maselo oyera otchedwa neutrophil ndi kuthandiza chotupa kudzimangira mitsempha yatsopano ya magazi. Tsono mfuu imene inayenera kupulumutsa munthu, ikapitirira osaleka imasanduka yodyetsa mdani. Odwala amene timadziti tawachulukira kawirikawiri sakhalitsa.

Madotolo a ku Glasgow, motsogozedwa ndi Donald McMillan, anasandutsa nzeru imeneyi kukhala muyeso wotsika mtengo. Akapeza CRP yopitirira mamiligalamu 10 pa lita, ndiponso puloteni ya albumin yatsikira pansi pa magalamu 35 pa lita, amadziwa kuti wodwalayo ali pa chiopsezo chachikulu ngakhale chotupa chake chikuoneka chofanana ndi cha mnzake.

Ku Paris anachita kulowa m'chotupa mwenimwenimo. Mu 2006 Jérôme Galon ndi anzake anaonetsa kuti kuwerenga maselo a chitetezo amene alowa pakati pa chotupa ndi m'mphepete mwake kumaneneratu za moyo wa wodwala bwino kwambiri. Maselo amene amawerengedwa ndi a CD3 ndi CD8. M'tauni muno palibe amene sanamvepo za CD4. CD8 ndi mbale wake, iye ntchito yake ndi kupha. Muyesowu, wotchedwa Immunoscore, unayesedwa pa odwala 2,681 m'mayiko 13 ndipo zotsatira zinatuluka mu 2018. M'gulu loyamba la odwalawo, khansa inabwereranso pasanathe zaka zisanu mwa 8 pa 100 alionse amene anali ndi asilikali ambiri m'chotupa, koma mwa 32 pa 100 alionse amene anali nawo ochepa. Zipatala zimene zinatenga mbali zinali za ku Ulaya, ku North America ndi ku Asia.

Tsono tifike pa majini. Sindikunena majini ovutitsa anthu aja ayi, koma malangizo olembedwa mu DNA amene timatengera kwa makolo. Munthu ndi munthu amasiyana chilembo chimodzi apa, china apo, ndipo kusiyana kumeneku kungathe kusintha kuchuluka kwa timadzi ta uthenga tija. Mu 1998 ofufuza a ku London anafotokoza malo otchedwa -174 pa jini ya interleukin-6, pamene ena ali ndi chilembo G ena C. Kuyambira pamenepo papangidwa kafukufuku wambiri wofuna kudziwa ngati chilembochi chingauze dotolo kuti wodwala khansa ya m'matumbo akhalitsa kapena ayi. Ena anapeza kuti inde, ena anapeza kuti ayi, ndipo mpaka lero palibe dotolo wanzeru amene amasankha mankhwala potengera chilembo chimenechi. Koma ngakhale akanagwirizana, ife tikanapindulanji? Chilembo C chimapezeka pa majini pafupifupi 40 pa 100 alionse pakati pa azungu, pamene pakati pa anthu akuda a mu Africa ndi chosowa zedi. Muyeso wotero ukanangotiika pafupifupi tonse m'gulu limodzi osatiuza kanthu.

Sindikuti zonse za majini n'zopanda pake. Pa zotupa 100 zilizonse za m'matumbo akulu, pafupifupi 15 zimakhala ndi chilema pa njira yokonzera zolakwika mu DNA. Zotupa zoterezi zimapanga mapuloteni achilendo ochuluka, asilikali a m'thupi amazizindikira msanga, ndipo zikapezeka zisanafalikire odwala ake amachira bwino kuposa ena. Mu 2017 dziko la America linavomereza mankhwala a pembrolizumab pa zotupa za mtunduwu, ndipo mu 2022 madotolo a pa Memorial Sloan Kettering ku New York analengeza kuti odwala 12 oyamba amene anamaliza kulandira dostarlimab zotupa zawo zinazimiririka popanda mpeni. Apa ndiye sayansi yagwira nyama. Mtengo wa mankhwalawo ndi nkhani ina, yoti nduna ya zachuma ingakomoke nayo.

Chimene chandichititsa kulemba ndemangayi ndi jini ina, imene ambiri a ife tikuyenda nayo osadziwa. Pa khungu la maselo ofiira a m'magazi pamakhala puloteni yotchedwa Duffy, ndipo ntchito yake ndi kugwira timadzi ta uthenga monga interleukin-8. Kachilombo ka mtundu wina wa malungo, Plasmodium vivax, kamalowera pa khomo limeneli. Anthu ochuluka kwambiri a mu Africa kum'mwera kwa Sahara anabadwa opanda puloteniyi pa maselo awo ofiira, ndipo mu 1976 Louis Miller anaonetsa kuti zimenezi zimawateteza ku malungo amenewo. Mu 2009 zinatsimikizika kuti kusintha komweku ndi kumene kumachititsa anthu akuda ambiri kukhala ndi maselo a neutrophil ochepa m'magazi. Anthuwa sadwala nazo. Ndi mmene analengedwera.

Komatu mabuku a madotolo analembedwa poyesa magazi a azungu. Lamulo lofala popereka mankhwala a chemotherapy limati ngati maselo a neutrophil atsikira pansi pa 1,500, wodwala adikire kapena mankhwala achepetsedwe. Munthu wathanzi wopanda Duffy angathe kukhala ndi 1,200 osamva ngakhale mutu. Ndiye kuti wodwala wakuda angathe kubwezedwa kunyumba kuti akadikire sabata ina, chotupa chikukula, chifukwa cha nambala imene kwa iye si nthenda. Mu 2024 ofufuza a ku London ndi ku Boston anapeza kuti mwa kafukufuku wamkulu woyesa mankhwala a khansa amene anaunika, woposa atatu mwa anayi alionse anali ndi malamulo otsekereza anthu oterewa. Taonani mmene chingwe chikudzimangira: amatisiya kunja poyesa mankhwala, kenaka n'kutipatsa mankhwalawo ndi malangizo ochokera kwa amene anayesedwa.

Palinso muyeso wina wotchuka chifukwa sulira ndalama, wofanizira chiwerengero cha neutrophil ndi cha maselo a lymphocyte. Nambala ikakwera amati zinthu sizili bwino. Kwa munthu amene neutrophil wake ndi wochepa chibadwire, nambalayo ingathe kuoneka yabwino pamene moto ukuyaka. Muyeso wa ku Glasgow uja nawonso uli ndi msampha wake kuno, pakuti chifuwa chachikulu, malungo ndi HIV zonse zimakweza CRP, ndipo njala imatsitsa albumin. Wodwala wa ku Ndirande angathe kuweruzidwa kuti khansa yamugonjetsa pamene chakweza nambala ndi TB yochizika.

Ine ndinasiya maphunziro a ku yunivesite pakati, koma masamu awa salira digiri. Mu 2016 atawerenga anthu onse amene analowa m'kafukufuku wamkulu wa majini, anapeza kuti 81 pa 100 alionse anali ochokera ku makolo a ku Ulaya ndipo atatu okha ndi amene anali ochokera ku makolo a mu Africa. Chonsecho kuno ndi kumene majini a anthu amasiyanasiyana kuposa kwina kulikonse. Mu 2020 gulu la H3Africa litayesa anthu 426 okha a mitundu 50, linapeza malo osiyana oposa 3 miliyoni amene sanalembedwepo.

Ife a nyuzipepala ino sitikupempha makina a mamiliyoni. Unduna wa Zaumoyo ndi madotolo ophunzitsa pa Kamuzu University of Health Sciences akhazikitse ndi kufalitsa muyeso wa neutrophil wotengedwa pa a Malawi athanzi, kuti wopereka mankhwala a khansa asamaope nambala ya eni ake. Chotupa chilichonse chochotsedwa m'thumbo chiziyesedwa ngati chili ndi chilema chokonzera DNA chija, chifukwa kuyesako kumachitika ndi utoto ndi maikulosikopu, ndipo kumachenjeza abale a wodwala ngati nthendayo ili ya kumtundu, monga imakhalira mwa odwala pafupifupi atatu pa 100 alionse. Kaundula wa khansa azilemba amene wapezeka ndi nthenda komanso tsiku limene wachira kapena wamwalira, pakuti popanda zimenezo palibe muyeso umene tingautsimikize. Ndipo ofufuza akunja obwera kudzatenga magazi athu azisiya zotsatira kuno.

Kwa inu awerengi, miyeso yonseyi imathandiza munthu amene wafika kuchipatala chotupa chikadachotseka. Magazi m'chimbudzi si nthawi zonse kamwazi, mudzi kapena likodzo. Ku America anatsitsa zaka zoyambira kuunika m'matumbo kuchoka pa 50 kufika pa 45 mu 2021, ataona kuti nthendayi ikugwira anthu ocheperako msinkhu. Ngati magazi akutuluka kwa masabata angapo, chimbudzi chasintha kabweredwe, thupi likutha popanda chifukwa, kapena kholo lanu linadwalapo nthendayi lisanakalambe, musalole kubwerera ndi mapilitsi a m'mimba okha. Funsani dotolo kuti akuunikeni.