Sitima ya Malasha Ikoma Usiku

Tsiku lina anzanga a m'nyumba yathu yogona anandiseka kwambiri pamene ndinati ndilakalaka kuona sitima ya malasha ili kuyenda usiku. Iwo anati, "Iwe wa ku Santhe, kwanu kulibe ndi njanji yomwe, udziwa chiyani za sitima?" Nzoonadi, kwathu kulibe njanji, ndiponso sitima zotere zinaleka kale kuyenda m'Malawi muno. Komabe ndifuna kuwayankha pano, aphunzitsi athu ali kumva.

Ife a ku Santhe tidziwa moto. Nyengo youmitsa fodya wa fuluu timachezera pa balani kusonkhezera nkhuni mpaka tambala woyamba. Masana moto uja sukoma m'maso, koma kukada uli psuu, ndipo munthu satopa kuupenya. Tsono sitima ya malasha ndiyo moto woyenda pa mawilo. Munthu mmodzi amathira malasha m'ng'anjo ndi fosholo, madzi nawira, nthunzi yake nikankha zitsulo zimene zizunguza mawilo. Pakutero, amene anaiona masana okha sanaione yonse.

Amene anandiphunzitsa zimenezi ndiwo agogo anga aamuna. Iwo ali mnyamata, dziko lisanalandire ufulu mu 1964, anapita kukafuna ntchito ku Salisbury, kumene lero titcha Harare. Anakakwerera ku Salima, chifukwa masiku amenewo njanji inali kulekeza komweko kuyambira mu 1935, ndipo inafika ku Lilongwe mu 1979. Anadzera ku Balaka, ku Limbe ndi ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, naoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, umene kutalika kwake kuposa makilomita 3.

Agogo amati masana anali kungomva kutentha ndi fumbi, koma usiku sanafune kugona. Sitima ikamakhota iwo anali kusuzumira pazenera ndi kuona injini kutsogolo. Wothira malasha akatsekula ng'anjo, utsi wonse unali kufiira ngati mtambo wa m'bandakucha, timoto tikuthetheka m'mwamba. Mluzu ukalira m'tchire muli zii, ngakhale amuna olimba mtima anali kuleka nkhani zawo. Injini ikaima kuti imwe madzi, inali kupuma wefuwefu monga ng'ombe yochoka pa ngolo.

Koma anzanga, musayese kuti ulendo uja unali wa maseŵera. Anthu athu anali kuthithikana pa mipando yathabwa, ndipo kachidutswa ka khala kakaloŵa m'diso munthu anali kulira misozi. Ambiri amene anakwera limodzi ndi agogo anapitirira ku migodi ya Wankie ndi ku Joni, ena osabweranso, nasanduka matchona. Agogo amati mluzu wa usiku uja unali kukoma ndi kupweteka pamodzi, chifukwa uliwonse unali kuwauza kuti kwawo kuli kutalikira. Kwa ine ichi ndicho chichititsa sitimayi kukhala chinthu chachikulu. Inanyamula mbiri ya mabanja athu.

Ena anena kuti injini ya dizilo iposa ya malasha. Sinditsutsa ai. Ya dizilo siima kaŵirikaŵiri kufuna madzi, sifuna munthu wa fosholo, ndipo siyatsa tchire m'mbali mwa njanji. Ine sindili kupempha kuti katundu wa dziko abwerere pa malasha. Ndingoti chinthu chimene chinatumikira makolo athu kuyambira mu 1908, pamene njanji inafika ku Blantyre, sichiyenera kuiwalika. Anzathu a ku Livingstone m'Zambia anakonza injini zawo zakale, nayamba kunyamula alendo madzulo mpaka pa mlatho wa Victoria Falls womangidwa mu 1905. Ife kuno injini yakale tiiona itaima chilili ku nyumba ya zinthu zakale ya Chichiri, yopanda moto, yopanda mpweya.

Kukonza injini kufuna ndalama zimene ife ana a sukulu tilibe. Koma cholembera ndi kope tili nazo. Anthu amene anakwera sitima zija usiku ali kutha mmodzimmodzi, ndipo agogo anga omwe tsopano ayamba kuiwala maina a masiteshoni ena. Chaka chatha anawatchula onse, chaka chino anakakamira pakati. Akulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma angagonere bwanji ngati palibe wowasunga?

Chifukwa chake ndipempha yense wa ife kuti pa tchuthi chikudzachi akhale pansi ndi agogo ake madzulo, awafunse za ulendo wawo, nalembe zonse. Ndipemphanso aphunzitsi a mbiri kuti atisonkhanitsire zolembazo, ndipo ngati nkotheka adzatitengere ku Chichiri tikaione injini ija ndi maso athu. Anzanga amene munandiseka, kafunseni kwanu. Mwina mudzapeza kuti agogo anu ndi anga anakwera sitima imodzi.

Mnyamata wa ku Santhe, Fomu 3